Loweruka, Pakati pa Teni ndi Folo

Olemekezeka khansala wa dera lathu, Bambo Torquil Nicolson, amene mwawoloka nyanja dzulo mphepo ili chonchi. Olemekezeka wapampando wa bungwe la eni nyumba za alendo pachilumba chino cha Brinsay, Mayi Fenella Galbraith, pamodzi ndi komiti yanu yonse. Olemekezeka Abusa Lachlan MacInnes, amene mwatitsegulira ndi pemphero lalifupi kuposa masiku onse, Mulungu akudalitseni chifukwa cha zimenezo. Amisiri amene munamanga nyumbayi mvula ikukumenyani kumsana. Eni nyumba anzanga, a pachilumba pano ndi ochokera kumtunda. Amayi ndi abambo, landirani moni wanga nonse.

Ine ndine Ishbel MacAskill. Ndikudzitchula dzina chifukwa theka la inu timangodziwana m'makalata a pa intaneti ndi m'mikangano ya migolo ya zinyalala, koma pamaso sitinaonanepo. Mayi Galbraith pondiitana kutsogolo kuno anena kuti ndine mayi wa bizinesi ya nyumba za tchuthi pachilumba pano. Ndathokoza, ngakhale ndikudziwa kuti mawu amenewo amangotanthauza kuti ndakalamba ndipo ndili ndi nyumba zisanu ndi zinayi.

Tasonkhana kudzatsegula nyumba yochapira ya bungwe lathu, ndipo amene anaivutikira ayenera kuyamikiridwa. Zaka makumi awiri takhala tikutumiza nsalu zapabedi ndi matawulo kumtunda pa sitima, Lolemba zipite zakuda, Lachinayi zibwere zoyera, ndipo mphepo ikangokwiya sitima n'kusabwera, tonse tinkagwira njakata. Ndani waiwala chaka chija alendo a ku Germany anagona pa nsalu za patebulo zimene tinabwereka ku holo ya tchalitchi? Abusa, musayang'ane pansi, inu munali musanabwere. Lero tili ndi makina asanu ochapira, anayi oumitsa, chositira chachitali ngati bwato, ndi khoma lonse la makiyi, nyumba iliyonse ndi msomali wake. Zikomo Mayi Galbraith chifukwa cha makalata amene munalemba osatopa, zikomo Bambo Nicolson chifukwa choyankha ena mwa makalatawo, zikomo amisiri, ndipo zikomo nonse amene munasonkha.

Ndinalemba mawu oti ndilankhule lero, masamba anayi, ndipo ali m'chikwamamu. Muli malangizo abwino: momwe mungasankhire nyumba yogula, chifukwa chake muyenera kujambula zithunzi m'mwezi wa Meyi dzuwa likatuluka, ndi chifukwa chake simuyenera kugula sofa yoyera. Amene akuwafuna adzandipeze tsiku lina. Lero sindiwawerenga, chifukwa mtima wanga uli m'mwamba kuyambira eyiti koloko m'mawa, ndipo mukaona pepala likunjenjemera m'manja mwanga mungamati ndayambirira wisiki wa pamwambo.

Tatembenukani muone kumbuyoko. Pali mipando khumi ndi iwiri, uliwonse wamatidwa kapepala kolembedwa bwino kuti ndi wa antchito. Palibe wakhalapo ngakhale mmodzi. Pofika pano ndamva bambo wina, sinditchula dzina, akunong'oneza mkazi wake kuti anthu a pachilumba alibe ulemu, tawamangira nyumba yabwino chonchi koma osabwera n'komwe. Bambo inu, lero ndi Loweruka. Si Loweruka wamba, ndi Loweruka loyamba la nyengo ya alendo, ndipo nthawi ili cha m'ma wani koloko masana. Komiti inasankha tsikuli chifukwa ndi lokhalo limene eni nyumba a ku Edinburgh ndi ku Glasgow sapita ku ofesi. Mayi Galbraith, musachite manyazi nokha, ine ndinali pamsonkhanowo ndipo ndinakweza nawo dzanja. Anthu makumi atatu, tonse odya za bizinesi imeneyi, panalibe mmodzi wokumbukira kuti Loweruka ndi tsiku lanji.

Ndiye ndikukumbutseni, poti ena mwa inu Loweruka mumangoliona pa foni. Teni koloko alendo akale atuluke, folo koloko atsopano alowe. Pakati pamenepo pali maola asanu ndi limodzi, nyumba makumi asanu ndi limodzi, ndi anthu khumi ndi awiri. Kuvula mabedi ndi kuyala, kukwecha mabafa, kuchotsa mchenga m'makapeti ndi ubweya wa agalu amene mwini wake analumbira kuti sanabwere nawo, kuwerenga masupuni, kutaya nsomba yoiwalika mufiliji, kuyesa babu lililonse. Munthu sakhala pansi, samwa tiyi, ndipo akapita kuchimbudzi ndiye kuti akukachitsuka. Anthu amene tawaikira mipando ija ali m'nyumba zathu panopa, atagwada.

Ndikuzidziwa chifukwa ndinayambira pomwepo. M'chaka cha 1984 ine ndi malemu mwamuna wanga Murdo tinali ndi mwana wakhanda ndi bwato lakale logwirira nkhanu, koma nyumba tinalibe. Tinachita chimene mabanja achinyamata amachita mpaka lero, kutenga lendi ya m'chisanu: ulowe mu Okutobala alendo akatha, utuluke Loweruka la Pasaka isanafike alendo akamabwerera. Nyumbayo inali ya banja la a Pringle a ku Edinburgh, ndipo pangano linali lakuti tsiku lotuluka ndiikonze ndekha. Ndinaikonza mpaka zala kusupuka. Mayi Pringle anabwera pa sitima kudzayendera, n'kuima pakati pa balaza mphuno ili m'mwamba.

“Ishbel, mwayesetsa ndithu,” anatero, “koma muno mukumveka fungo la mwana.”

Ine ndinati, “Mayi, mumakhala mwana muno.”

“Ndikudziwa, koma alendo asadziwe zimenezo. Iwo akulipira kuti aone ngati nyumbayi yakhala ikudikira iwo okha.”

Sanali mayi woipa, anandisiyira ndi keke yomwe. Tinanyamula katundu wathu kupita m'kalavani, kanyumba ka matayala kaja, kuseri kwa khola la nkhosa la alamu anga, ndipo sabata yomweyo kunagwa matalala. Mwana anatsokomola mpaka Juni. Ndinalumbira m'kalavani muja, Murdo akumva, kuti tsiku lina ndidzakhala ine wogwira makiyi. Murdo anangoti, “Ukadzagwira makiyiwo, mkazi wanga, undisungireko kamodzi, ndatopa kugona miyendo ili panja.” Sekani ndithu, anali wamtali ngati mlongoti.

Makiyi ndinawagwiradi. Azakhali ake a Murdo atamwalira anatisiyira kanyumba kodontha, tinakakonza ndi manja athu, ndipo m'malo molowamo tinaikamo alendo, ife n'kupirira chaka china m'kalavani. Kanyumbako kanabala ina, inayo inatitsegulira chitseko cha banki, ndipo banki ikakudziwa dzina siikusiya. Sindinabwere kudzapepesa chifukwa cha bizinesi imeneyi, ayi. Inaphunzitsa ana anga, inafolera nyumba zimene zikanagwa, ndipo popanda alendo sitolo ya padoko ikanatsekedwa kalekale. Komanso si ndalama yapafupi monga amaganizira anthu. Inu nonse mukudziwa chimene chimabwera foni ikalira Lachisanu madzulo: mwina madzi otentha asiya kutuluka, mwina sitima yaimitsidwa, mwina mlendo wakuchotsera nyenyezi imodzi pokuyesa pa intaneti chifukwa kunagwa mvula, kapena chifukwa nkhosa zinalira m'mawa. Ine wina anandipatsa nyenyezi zitatu ponena kuti nyanja inali kutali kusiyana ndi pachithunzi. Madzi anali ataphwera, anthuni. Timakhala ndi mantha chaka chonse, ndipo munthu wamantha amayang'ana kalendala yake yokha.

Tsopano ndinene za munthu amene dzina lake lalembedwa pachitseko cha ofesi kumbuyo kwangaku. Dolina MacPhee ndi amene komiti inamusankha kuti ayendetse nyumba yochapirayi, ndipo panalibe wotsutsa, chifukwa zaka khumi ndi zinayi ndi iye amene wakhala akugawa ntchito ya Loweruka pachilumba chonse. Amadziwa chitseko chimene chimatupa kukagwa mvula, amadziwa chotenthetsera madzi chimene chimafuna kuchimenya ndi chidendene, amadziwa mwini nyumba amene amawerenga matawulo ndi amene sadziwa kuti ali nawo angati. Ena mwa inu simunamuonepo nkhope, koma nyenyezi zanu zisanu zija ndi zake. Ali ndi mwamuna, Finlay, amene amagwira ntchito kumakhola a nsomba, ndi ana aakazi awiri. Ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri banja limeneli lakhala pa lendi ya m'chisanu m'nyumba yanga ya chitseko chobiriwira, ku Gombe la Akatumbu. Kasanu ndi kawiri alowa mu Okutobala, kasanu ndi kamodzi atuluka pa Pasaka kupita m'kalavani, ndipo lero linali tsiku lotulukanso.

Okutobala wapitayu, tsiku lolowa, Dolina anandipangira tiyi m'khitchini momwemo makatoni asanamasulidwe. Anati, “A Ishbel, ana akula. Wamkuluyu mayeso ayandikira, ndipo m'kalavani amalembera pabondo, mng'ono wake akumuponda. Ine sindikupempha zaulere, lendi tizilipira chaka chonse. Kungoti tatopa kukhala ngati mbalame.”

Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, “Dolina mwana wanga, usadandaule. Ukamasula makatoniwa ukawatenthe, sudzawafunanso.”

Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Tilembe penapake?”

Ndinayankha kuti, “Iwe, ine ndi mayi ako tinkakhala benchi imodzi kusukulu, ndiye tizilemberana mapepala ngati anthu a ku Edinburgh?” Pepani a ku Edinburgh, ndi mmene ndinanenera.

Nonse mukudziwa momwe kalendala ya pa intaneti imagwirira ntchito. Ukapanda kuitseka, pa 1 Novembala imadzitsegula yokha, ndipo dziko lonse limayamba kubukitsa masabata a chaka chamawa. Kutseka kwake ndi chala chimodzi, kudina kamodzi. Sindinadine. Tsiku loyambalo ndinaiwaladi, Mulungu ndi mboni. Koma pa 3 Novembala pa foni panalira kabelu kaja kodziwitsa kuti mlendo wabukitsa, kamene tonsefe timakakonda kuposa nyimbo za m'tchalitchi, ndipo ndinaona kuti banja lina labukitsa nyumba ya chitseko chobiriwira sabata yachiwiri ya Julaye, mapaundi 1,400. Ndinati ndifufuta mawa. Mawa lake kanaliranso. Ndinati awiriwa ndiwasamutsira kunyumba ina, ndiyeno ndinakumbukira denga la nyumba yachisanu ndi chinayi limene linali lisanalipiridwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pofika Januwale masabata makumi awiri ndi asanu ndi limodzi anali atadzaza, ine ndili chete, ndikukumana ndi Dolina Lamulungu lililonse n'kumamufunsa za ana. Abusa, musavutike kundiuza, ndikudziwa kuti kumeneko sikutchedwanso kuiwala.

Ndinamuuza mu Febuluwale, musitolo ya padoko, pafupi ndi matumba a mbatata, chifukwa ndinkadziwa kuti pagulu sangandikalipire. Ndinati makina a pa intaneti andisokoneza, chaka chino chokha apirire, chaka chamawa ndiye zenizeni. Akanakalipa bwenzi mtima wanga utakhala pansi. Iye anangoti, “Chabwino, a Ishbel,” n'kunyamula mkaka wake. Ine ndinapita kunyumba ndikudziuza kuti Dolina ndi mwana womvetsa zinthu.

Lero m'mawa, eyiti koloko, ndinapita ku Gombe la Akatumbu kukasiya kadengu kolandirira alendo, kaja timaikamo masikono, jamu ndi mkaka. Pabwalo ndinapeza galimoto yawo yadzaza mpaka padenga, njinga za ana zitamangidwa pamwamba. Dolina ndinamupeza m'khitchini atagwada, mutu uli mu uvuni, akukwecha mafuta a chakudya chimene anaphikira ana ake dzulo.

Ndinati, “Dolina, katundu yenseyu akwana m'kalavani?”

Anayankha mutu uli momwemo. “Sakupita m'kalavani, a Ishbel. Akukwera sitima ya hafu pasiti folo.”

Ndinafunsa kuti akupita kuti, ngati kuti sitimayo imapita malo ambiri.

“Finlay anatsogola Lachinayi,” anatero. “Tapeza nyumba kumtunda, yam'mwamba, mawindo ake amayang'ana pokwerera mabasi. Si yokongola ngati yanuyi, akatumbu kulibe. Koma ili ndi pepala, a Ishbel, ndipo ndaliwerenga kawiri, mawu oti Pasaka mulibemo.”

“Nanga nyumba yochapira? Tikutsegula lero, dzina lako lili pachitseko.”

“Dzina limafufutika. Si inu nomwe munandiphunzitsa kufufuta?”

Ndinanena zopusa. Ndinati ngati akupitadi, akuvutikiranji ndi uvuni, bwanji osangousiya. Apo ndiye anatulutsa mutu n'kundiyang'ana.

“Alendo anu alakwa chiyani? Nyumba zanga zisanu za lero ndimaliza zonse, musade nkhawa, nyenyezi zanu sizigwa. Ndikadzapita musadzanene kuti Dolina anasiya uve. Tasunthani mayi, mwaponda ponyowa.”

Ndinasuntha, n'kutsamira kabati. Mkati mwa chitseko cha kabatiyo muli pepala la malamulo a okonza m'nyumba, limene ndinalemba ndekha zaka zapitazo ndipo ambiri mwa inu munakopera. Maso anga anagwera pa lamulo lachisanu ndi chiwiri: pasatsale chizindikiro chilichonse choti m'nyumba muno munali munthu. Mayi Pringle anamwalira kalekale, koma mawu awo ndinawapeza ali m'kabati mwanga, olembedwa ndi dzanja langa. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo ndinatuluka osatsanzika, kadengu kali m'manja.

Ndikuuzeni zimene ndachita kuyambira nthawi imeneyo, osati kuti mundiombere m'manja, chonde musayerekeze, koma chifukwa mudzazimva ndithu ndipo ndi bwino muzimve kwa ine. Ndinaimika galimoto pamtunda paja pamene foni imagwira, ndipo ndinafufuta masabata onse a nyumba ya chitseko chobiriwira, imodzi imodzi. Pa sabata iliyonse makina amandifunsa ngati ndatsimikiza, n'kundiuza chilango chake. Ndatsimikiza kamakumi awiri ndi kasanu. Ndalanda tchuthi mabanja amene sanandilakwire, ena anabukitsa chaka chatha, ndipo makalata awo ayamba kale kufika. Foni ndaizimitsa chifukwa ikundiwotcha m'thumba. Kambendera kaja ka pa intaneti kosonyeza mwini nyumba wodalirika, kamene ndakasunga zaka khumi ndi chimodzi, kapita. Zimene ndataya sindiwerengera pano, a banki adzandiwerengera okha Lolemba.

Sabata imodzi yokha sindinathe kufufuta, ya lero, chifukwa banja la a Whitlock a ku Leeds lili kale panjira ndi ana atatu ndi agogo awo. Amenewo akagona m'nyumba yanga yeniyeni, ya kuseri kwa tchalitchi, imene sinalandirepo mlendo wolipira. Sindinaikonze, muli fungo la munthu, ndipo nsapato za Murdo zikadali kuseri kwa chitseko. Akandipatsa nyenyezi ziwiri ndidzathokoza. Ine ndikagona m'kalavani ya a MacPhee ngati andilola, ndione ngati msana uno ukukumbukira.

Kenako ndinalemba pepala. Ndi ili. Likunena kuti nyumba ya chitseko chobiriwira ndi ya lendi ya chaka chonse kwa Dolina ndi Finlay MacPhee, ndipo tsiku lotuluka palibe. Ine ndasaina. Abusa asaina ngati mboni pa boneti ya galimoto yawo pabwalo apo, asanavale ndi magalasi omwe. Abusa, tsopano mwadziwa chimene munasaina. Patsala mzere umodzi wopanda dzina.

Ndamuimbira Dolina kasanu ndi kamodzi ndisanazimitse foni, koma sakuyankha. Musaganize kuti ndi mkwiyo. Lamulo lachiwiri papepala lija la m'kabati limati okonza m'nyumba azizimitsa foni kuyambira teni mpaka folo, ndipo analemba ndi ine ndemwe. Mwana ameneyu akutsata malamulo anga mpaka tsiku lomaliza. Sakudziwa chilichonse mwa zimene ndakuuzanizi. Malinga ndi ndandanda ya lero, nthawi ino ali kumpoto kwa chilumba, m'nyumba yanu ya pamwala ija, Mayi Galbraith, ndipo ndikukhulupirira kuti ali m'bafa.

Sindikudziwa ngati asaine. Finlay wayamba kale ntchito kumtunda, ana awalembetsa kale sukulu, ndipo madzi akatayika saoleka. Munthu amene unamunamiza kamodzi pafupi ndi matumba a mbatata ali ndi ufulu woyang'ana pepala lako n'kukubwezera. Akhoza kundiuza kuti ndachedwa, ndipo sadzakhala akunama. Akatero ndidzatsala ndi nyumba yopanda alendo, yopanda Dolina, ndipo inu mudzatsala ndi makina okongolawa opanda wodziwa kuti nsalu ziti ndi za nyumba iti.

Eni nyumba anzanga, sindikulalikirani, guwa lili ndi mwini wake. Ndingokuuzani chimene chikundiopsa. Mwa anthu khumi ndi awiri a mipando ija, atatu okha ndi amene ali ndi pogona pa chaka chonse. Asanu ndi anayi atuluka m'nyumba zathu m'mawa uno, monga watulukira Dolina, ndipo akuzikonzera anthu ena. Onsewo amamvera Dolina, ndipo madzulo ano adzakhala padoko kumuona akukwera sitima. Mukuganiza kuti pobwerera kumakalavani kwawo azikakambirana zotani? Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ife tamanga chuma chathu chonse pa mame, anthu okhala nafe chisanu chonse tikuwakankhira kuseri kwa makola. Tagula makina ochapa, oumitsa ndi osita, koma amisiri andiuza kuti oyala bedi sanapangidwe. Aliyense wa inu ali ndi kalendala, ndipo aliyense ali ndi chala. Sindikuuzani chochita nazo, poti ine ndemwe zanditengera zaka zisanu ndi ziwiri ndi m'mawa umodzi woipa.

Ndaona Bambo Nicolson mwayang'ana wotchi kachitatu, ndipo mukulondola. Mwina mukudabwa kuti ngati nkhani ili yachangu chonchi, ndikutalikitsiranji mawu. Ndikuuzani zoona: ndikuopa. Pano ndaima pamaso pa anthu makumi asanu ndipo ndikulankhula bwinobwino, koma kumpoto kuli mayi mmodzi wovala magolovesi a mphira amene ndikuopa kumuyang'ana m'maso. Mphindi iliyonse imene ndikulankhula pano ndi mphindi imene sanandikanebe. Koma nthawi yakwana hafu pasiti wani, kumpoto ndi mamailosi khumi ndi imodzi pamsewu wa galimoto imodzi, nkhosa zili ndi ana ndipo sizipatuka, ndiye mantha anga andikwanira.

Tiyi ndi masikono zili m'chipinda chositira, idyani, koma mbale khumi ndi ziwiri muzivundikire mpaka folo koloko. Ine musandisungire. Ndikapeza Dolina asanamalize, ndikavula jekete ili, ndikagwira mbali ina ya nsalu, ndipo tikamaliza kuyala bedi ndi pamene ndikatulutse pepalali, chifukwa ntchito ili pakati sangandimvere. Mukamva sitima ikulira hafu pasiti folo, muyang'ane padoko. Mukaona galimoto ya njinga ziwiri padenga ikukwera, mudziwe kuti ndalephera, ndipo Loweruka likudzali nonse mudzabwere ndi zovala zogwirira ntchito, a ku Edinburgh omwe, chifukwa mabedi makumi awiri a nyumba zisanu adzakhala akudikira ife.

Mayi Galbraith, ndipatseni lumolo, ndipo mugwire riboniyi zolimba. Bambo Nicolson, galimoto yanu yatsekereza yanga pageti, chonde tumani munthu aisunthe panopa.

Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, m'dzina la bungwe la eni nyumba za alendo pachilumba cha Brinsay, ndi m'dzina la anthu khumi ndi awiri amene sanathe kubwera chifukwa ali pantchito yathu, ndikulengeza kuti nyumba yochapirayi yatsegulidwa. Dzina lili pachitseko cha ofesi lija musalichotse mpaka sitima itanyamuka.

Zikomo kwambiri.